Mwana wanga amangodina mbalame, nthano sakuimva: kodi ma app a nthano amathandizadi?

Funso lachokera kwa mayi wina amene ali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu ndi theka. Akuti: "Ndinamuikira ma app atatu a nthano pa tabuleti, aja amawerenga okha, zithunzi n'kumayenda, mwana akadina chinthu n'kumalira kapena kudumpha. Amawakonda zedi, moti kumulanda tabuletiyo ndi nkhondo. Koma dzana nditamufunsa kuti nthano ya mtsikana ndi mmbulu ikunena chiyani, anangoti, 'Mbalame imatuluka mumtengo.' Bambo ake akuti ndifufute zonse, tibwerere ku mabuku a mapepala. Ine ndikuona ngati akutolapo mawu atsopano. Kodi zinthuzi n'zothandizadi, kapena ndikungodzinamiza?"

Mayi, yankho la mwana wanulo musalipeputse, chifukwa wakuuzani ndendende chimene anaona. App yanuyo sindinaigwire, koma tsamba limenelo ndikutha kuliona m'maganizo, popeza ndatsegulapo ambiri a mtundu wake. Mtsikana wanyamula kadengu, akulowa m'nkhalango. Mmbulu wabisala kuseri kwa mtengo. Pathunthu la mtengowo pali kabowo kothwanima, ndipo ukakadina mumatuluka mbalame n'kulira. Mawu a wowerenga akunena za mmbulu, koma chala cha mwana chili pakabowo. Wadina kamodzi, mbalame yatuluka. Wadinanso, yatulukanso. Pofika kachisanu, wowerenga uja wamaliza kalekale, tsamba latembenuka, ndipo mwana watuluka m'nkhalangomo osadziwa n'komwe kuti munali mmbulu. Ndiye mukamufunsa madzulo kuti nthano inali ya chiyani, akuuzani za chinthu chimene chinkamuyankha iyeyo akachikhudza.

Choncho nonse awiri, inu ndi bambo akewo, aliyense ali ndi pomwe akulondola. Maganizo anga ndi akuti musafufute zonse, komanso musasunge zonse. Pa ma app atatuwo, n'kutheka kuti imodzi ndi buku labwino, ina ndi gemu imene yangobwereka malaya a nthano, ndipo yachitatuyo ndi msika wa otsatsa malonda. Kuwasiyanitsa sikuvuta mukadziwa poyang'ana.

Zinthuzi si zatsopano monga momwe ambiri amaganizira. Mu 1992, kampani ya Broderbund ya ku United States inayamba kutulutsa mabuku a ana a pakompyuta otchedwa Living Books, oikidwa pa ma CD, momwe mwana ankadina ndi mausi chinthu chilichonse cha patsamba n'kuchiona chikuchita zoseketsa. iPad itatuluka mu 2010, mausi uja sanafunikenso, ndipo ngakhale kamwana kosadziwa kugwira pensulo kanayamba kudina kokha. Ofufuza akhala akuyang'anitsitsa ana akugwiritsa ntchito mabuku oterewa kwa zaka pafupifupi 30, ndiye pali zina zimene tsopano tikuzidziwa bwino.

Kafukufuku amene ndimakonda kuyambira ndi wa mu 2015, wa Zsofia Takacs, Elise Swart ndi Adriana Bus a ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands. Iwowa sanayese ana atsopano ayi. Anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 43 ochitidwa kale, okhudza ana 2,147, n'kuziunika pamodzi. Nzeru yawo inali yogawa pawiri zokometsera za m'mabukuwa. Gulu loyamba ndi zimene zimabwera zokha motsatana ndi nkhani: chithunzi choyenda, kanyimbo kapansipansi, mkokomo wa mphepo, kulira kwa chitseko. Gulu lachiwiri ndi zimene zimafuna kuti mwana asiye kumvetsera achitepo kanthu: malo odina, timagemu ta pakati pa nkhani, batani lomasulira mawu. Anapeza kuti za gulu loyamba zimathandiza ana kumvetsa nkhani ndi kutola mawu, ngakhale kuti phindulo si lalikulu kwambiri. Za gulu lachiwiri zimasokoneza. Ndipo amene amasokonezeka koposa ndi ana a m'makomo momwe sawerengeredwa kapena kuchezetsedwa kawirikawiri, omwewo amene ambiri timaganiza kuti app iwapulumutsa.

Ndiye onani mmene zasemphanirana. Chimene ogulitsa amachilemba ndi zilembo zikuluzikulu, chakuti mwana wanu adzadina, adzagwedeza, adzasewera, n'chomwecho chimene nthawi zambiri chimadya phindu la bukulo.

Chifukwa chake chili m'mutu mwa mwanayo. Kumva nthano si kungoloweza mayina a anthu a m'nkhani. N'kugwira chingwe. Mayi anamuuza mtsikana kuti asapatuke panjira. Mtsikana anauza mmbulu kumene agogo ake amakhala. N'chifukwa chake mmbulu unathamanga kukafika msanga. N'chifukwa chake amene wagona pabedi uja ali ndi makutu aakulu. Mfundo iliyonse yatsamira pa inzake, ndipo mwana akataya imodzi, zotsatira zake zimangokhala zithunzi zosagwirizana. Mutu wa mwana wa zaka zitatu uli ngati kadzanja kake komwe: umanyamula zochepa nthawi imodzi. Akagwira mbalame, chingwe chija wachitaya. Munthu wamkulu angathe kudodometsedwa n'kubwereranso pomwe analekeza, koma kwa mwana luso limeneli lidakali lanthete. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Koma chithunzi choyenda chimatha kuchita zimene pepala silingathe, ndipo apa ndili kumbali yanu. Tengani mawu ngati "kunjenjemera" kapena "kunyang'ama". Wojambula pa pepala amavutika kuonetsa kunjenjemera. Amangoika timizere m'mbali mwa munthuyo, ndipo mwana wamng'ono sadziwa kuti timizereto tikutanthauza chiyani. Pa sikirini, mawu akuti "ananjenjemera" akamamveka, mawondo a mtsikana uja akugwedezekadi nthawi yomweyo. Khutu ndi diso zalandira chinthu chimodzi. Chimodzimodzi chithunzi chikamayandikira nkhope ya agogo abodza aja pamene mawu akunena za mano: diso la mwana latengedwa n'kuikidwa pomwe nkhani ili. Kumeneko ndiye kuthandiza.

Ngakhale kudina komwe si kuti n'koipa konse. Ndinaonapo app ya nthano ya tiana ta nkhumba titatu, momwe mmbulu ukafika panyumba ya udzu, nkhani imaima, ndipo mwana amayenera kuuzira pa maikolofoni kuti nyumbayo igwe. Ndinaonerera kamnyamata ka zaka zinayi kakufufumitsa masaya, kakuuzira mpaka malovu pagalasi, nyumba ya udzu n'kubalalika. Pa nyumba ya mitengo kanachitanso chimodzimodzi. Pa nyumba ya njerwa kanauzira, kanauziranso, nyumba ili chiimire. Kanacheuka n'kunena mokhumudwa kuti, "Iyi ndi yolimba." Mfundo yonse ya nthanoyo kanaimva ndi mapapo ake. Kusiyana kwa kuuzira kumeneku ndi mbalame ya mwana wanu n'kwakuti kuuzirako ndi nkhani yeniyeniyo, pamene mbalameyo mutaichotsa nthano siingasinthe ngakhale pang'ono. Muyeso wanga pa app iliyonse ndi womwewu: chimene chala cha mwana chikuchita, kodi chikukankha nkhani kupita patsogolo, kapena chikumukokera mwanayo kunja kwa nkhani?

Mu 2021, May Irene Furenes, Natalia Kucirkova ndi Adriana Bus yemwe uja anachitanso kuunika kwina, nthawi ino kwa akafukufuku 39 okhudza ana 1,812 a chaka chimodzi mpaka zaka 8, poyerekezera buku la pepala ndi la pasikirini. Pamene mabuku awiriwo anali ofanana m'zonse kupatula kuti lina lili pagalasi, ana ankamvetsa bwino la pepala. Koma pamene la pasikirini linali ndi zokometsera zogwirizana ndi nkhani, linkatha kuposa la pepala. Anapezanso kanthu kena kochititsa chidwi ponena za batani lomasulira mawu: limathandiza mwana kudziwa tanthauzo la mawu, koma silimuthandiza kumvetsa nkhani. Izi zikufanana ndi zomwe mukuona pakhomo panu. Mwana akutoladi mawu, simukudzinamiza. Koma kutola mawu ndi kumva nthano ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo app ikhoza kuchita yoyamba n'kulephera yachiwiri.

Tsopano tibwere kwa bambo ake. Iwo akuti buku la pepala n'labwino, ndipo akunena zoona, koma chinsinsi chake sichili m'pepalamo. Mwana wa zaka zitatu sangawerenge buku la pepala yekha, ndiye limakakamiza munthu wamkulu kukhala naye pansi. App siikakamiza aliyense. Imati, "Ndipatseni mwanayo, inu kachiteni zina." Ndipo ngakhale kholo litakhala pomwepo, macheza ake amasintha. Mu 2012, bungwe la ku United States lofufuza za ana ndi zipangizo zamakono la Joan Ganz Cooney Center linayang'ana makolo 32 ndi ana awo a zaka 3 mpaka 6 kumalo oonetserako za sayansi a New York Hall of Science akuwerenga limodzi. Ana amene anawerenga mabuku a pasikirini okhala ndi zodinadina anakumbukira zochepa za nkhaniyo poyerekeza ndi amene anawerenga pa pepala. Mu 2019, Tiffany Munzer ndi anzake a ku yunivesite ya Michigan anajambula vidiyo ya makolo 37 ndi ana awo a zaka 2 mpaka 3, aliyense akuwerenga buku la pepala, la pa tabuleti lopanda zokometsera, ndi la pa tabuleti lokhala ndi zokometsera. Pa tabuleti, makolo ndi ana ankalankhulana mochepa, ndipo mbali ina ya zimene makolo ankalankhulazo inali ya chipangizocho, osati ya nkhani.

Dzimvetsereni nokha mawa mukakhala naye. Ndikukhulupirira kuti mudzadzimva mukunena kuti, "Usadine pamenepo." "Dikira kaye amalize." "Taona, watseka." "Chotsa chala." Mawu onsewa atenga malo a mawu ena amene mukananena pa buku la pepala: "Ukuganiza kuti mmbuluwu ukufuna chiyani?" "Iwe ukanatsegula chitseko?" Ofufuza a ku Michigan omwewo anaonanso kuti pa tabuleti ana ankakonda kutembenuka n'kukhala mopatsa kholo msana, kapena kukankha dzanja la kholo. Buku la pepala limatambasuka pamiyendo ya anthu awiri. Tabuleti imakwana m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo mwana amadziwa msanga kuti munthu mmodziyo ndi iyeyo.

Mankhwala ake ndi akale kuposa iPad. Mu 1988, Grover Whitehurst ndi anzake anaonetsa kuti ana aang'ono amakula msanga m'chilankhulo ngati wowawerengera sakungowerenga, koma akufunsa, akudikira yankho, akulibwereza ndi kuwonjezerapo pang'ono. Mwana akati "mmbulu", inu mumati, "Eya, mmbulu waukulu, wabisala. Wabisala kuti?" Pang'ono ndi pang'ono mwana ndi amene amakhala wofotokoza, inu n'kukhala womvera. Njira imeneyi imagwira ntchito pa sikirini monga pa pepala, kungoti pa sikirini muyenera kuyamba mwakonza bwalo.

Nachi chimene ndingachite ndikanakhala inu. Ma app ambiri ali ndi batani lozimitsira mawu a wowerenga kuti munthu awerenge yekha. Lizimitseni, mawu akhale anu. Tabuleti igwireni ndinu, iye akhale pamiyendo panu. Muuzeni kuti ulendo woyamba ndi wa makutu, wachiwiri ndi wa chala. Pa ulendo woyamba mukudutsa nthano yonse osadina kanthu kupatula kutembenuza tsamba, ndipo ntchito yotembenuzayo mpatseni iyeyo kuti dzanja lake lisasowe chochita. Pa ulendo wachiwiri msiyeni adine mbalame yake mpaka atope. Musamuletse, koma ilowetseni mbalameyo m'nkhani: "Mbalameyi yauona mmbulu? Bwanji siikumuuza mtsikanayu? Tamuuza ndiwe." Mudzadabwa kumuona akukuwira galasi kuti, "Thawa!" Akafika pamenepo ndiye kuti walowa m'nthano.

Akafuna nthano yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, musatope naye ndipo musathamangire kupanga dawunilodi ina. Mu 2011, Jessica Horst ndi anzake a ku yunivesite ya Sussex anapeza kuti ana a zaka zitatu amene anamva nkhani imodzimodzi mobwerezabwereza anagwira mawu atsopano bwino kuposa amene anamva mawu omwewo m'nkhani zosiyanasiyana. App yodzitama kuti ili ndi nthano 200 ikugulitsa chinthu chimene mwana wa msinkhu uwu sakuchifuna. Nthano zisanu zabwino, zomvedwa kambirimbiri, n'zokwanira miyezi ingapo.

Pali nkhani ya chilankhulo imene simunaitchule, koma ndiikhudze. Ma app ambiri a nthano ali m'zilankhulo zochepa zikuluzikulu. Ngati chilankhulo cha app si chimene mwana amalankhula pakhomo, musadabwe kuti akungodina. Munthu sungatsatire nkhani imene sukuimva, ndipo chotsala chimakhala zithunzi ndi phokoso. Apa m'pomwe kuzimitsa mawu kumathandiza kawiri, chifukwa mumafotokoza nthanoyo m'chilankhulo chake, zithunzi n'kumakuthandizani. Palinso nkhokwe za mabuku a ana aulere pa intaneti, monga StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books la ku India ndi African Storybook ya bungwe la Saide la ku South Africa, zokhala ndi nkhani m'zilankhulo zambirimbiri. Mabuku ake ambiri ndi a zithunzi ndi mawu basi, opanda zodumphadumpha, ndipo malinga ndi zomwe takambiranazi, kumeneko si kuperewera.

Tsopano za nkhondo ija yolanda tabuleti. Musafulumire kuiona ngati umboni woti mwana amakonda nthano, komanso musaione ngati mwano. Buku la pepala lili ndi chikuto chakumapeto. Likatha latha, ndipo mwana amaona ndi maso ake kuti latha. Ma app ambiri anapangidwa mwadala kuti asakhale ndi pothera. Nthano ikangotha, ina yayamba yokha, kapena patuluka nyenyezi, mphatso, chithunzi chopaka utoto, kanyama kopempha kuti usachoke. Munthu wamkulu amene amavutika kuika foni pansi, nanga kamwana?

Gwero la zimenezi ndi ndalama. Kupanga app yabwino ya nthano kumafuna wolemba, wojambula, woimba, wowerenga ndi katswiri wa mapulogalamu, ndipo ikatuluka imafunika kuikonzanso nthawi iliyonse mafoni akasintha. Kampani ya Nosy Crow ya ku London, imene inatchuka ndi kulandira mphoto chifukwa cha ma app ake a nthano kuyambira mu 2011, inasiya kupanga atsopano mu 2018 chifukwa malondawo sankayenda. Makolo ambiri safuna kulipira app, ndiye msika umadzaza ndi aulere, amene amapeza ndalama zawo m'maso mwa mwana. Ofufuza a ku yunivesite ya Michigan, motsogozedwa ndi Marisa Meyer ndi Jenny Radesky, anaunika ma app 135 otchuka a ana osapitirira zaka 5, zotsatira zake n'kutuluka mu 2018. Mwa ma app amenewo, 95 pa 100 alionse anali ndi mtundu wina wa kutsatsa malonda. Aulere onse anali nako, ndipo ngakhale olipira, 88 pa 100 alionse anali nako. Zotsatsa zina zinali zobisika ngati mbali ya gemu, ndipo m'ma app ena munthu wa m'katuni mwenimweniyo ndi amene ankalimbikitsa mwana kuti agule. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo ana amaguladi. Mu 2014, bungwe la boma la United States loteteza ogula, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi Apple kuti ibweze ndalama zosachepera madola 32.5 miliyoni kwa makolo amene ana awo anagula zinthu m'ma app popanda chilolezo, ndipo Google inavomera kubweza zosachepera madola 19 miliyoni chaka chomwecho. Choncho ikani pasiwedi pa kugula kulikonse. Musanampatse tabuleti, zimitsani intaneti. Zotsatsa zambiri zimafa nayo limodzi, ndipo app ya nthano imene imakana kutseguka popanda intaneti ndiyamba kale kuikayikira. Pa iPad pali Guided Access, yokhomera mwana mu app imodzi kuti asatulukemo, ndipo mafoni ndi matabuleti a Android alinso ndi njira yokhomera app imodzi pasikirini. App ikapempha kudziwa kumene muli, kapena kuona manambala a anzanu a m'foni, dzifunseni kuti nthano ya mmbulu ikufuna zimenezo za chiyani.

Pothetsa nkhondoyo, musapangane naye mphindi, chifukwa mwana wa zaka zitatu sadziwa kuti mphindi khumi n'chiyani. Panganani nthano: "Lero ziwiri." Muonetseni zala ziwiri, ndipo yoyamba ikatha apinde yekha chala chimodzi. Yachiwiri ikatha, iye ndi amene atseke, n'kukaika tabuleti pamalo pake. Masiku oyamba adzalira ndithu. Mukagonja kamodzi, mwamuphunzitsa kuti kulira ndi batani linanso lodina.

Za kutalika kwa nthawi ndingodutsa mwachidule. Bungwe la World Health Organization mu 2019 linalangiza kuti ana osakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepa kwake kukhala kwabwino koposa. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics mu 2016 linanenanso za ola limodzi kwa ana a zaka 2 mpaka 5, n'kuwonjezera kuti kholo lizionera nawo limodzi ndiponso kuti sikirini izizimitsidwa kutatsala ola limodzi kuti mwana agone. Ndiye nthano ya pogona ikhale ya pepala kapena ya pakamwa. Ntchito imeneyo apatseni bambo ake, popeza ndiwo akuikira kumbuyo mabuku. Ngati pali mng'ono wake wakhanda, ameneyo app siimuthandiza kanthu. Patricia Kuhl ndi anzake ku yunivesite ya Washington anaonetsa mu 2003 kuti makanda a miyezi 9 anaphunzira kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a Chimandarini, chilankhulo cha ku China, atacheza maulendo 12 ndi munthu weniweni, koma amene anaonetsedwa zomwezo pa vidiyo sanaphunzire.

Ndinene pang'ono za nthano zenizenizo, chifukwa makolo ena amadandaula kuti ma app amazisintha, mmbulu n'kusanduka bwenzi, agogo n'kungobisala m'kabati. Ine kusinthako sikundivuta kwenikweni. Nthano zakhala zikusintha chiyambire. Charles Perrault atalemba nthano ya mtsikana ndi mmbuluyi ku France mu 1697, mmbulu unadya mtsikanayo nkhani n'kuthera pomwepo. Jacob ndi Wilhelm Grimm ataisindikiza ku Germany mu 1812, munali mlenje wodzapulumutsa mtsikana ndi agogo ake. Wofotokoza aliyense amayeza omvera ake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti app siiona nkhope ya mwana. Inu mukamafotokoza, mukaona maso atuzuka ndipo kadzanja kakukanikizani, mumafewetsa mawu a mmbulu, mwinanso kuupatsa chimfine kuti aseke. App imabangula chimodzimodzi kwa mwana wolimba mtima ndi kwa wamantha, ndipo mmbulu woyenda, wa mano ong'anima ndi nyimbo yoopsa, umaopsa kuposa wojambulidwa pa pepala. Mantha apang'ono ndiwo mchere wa nthano, koma amafunika kumvedwa mwana ali pamiyendo ya munthu.

Ma app ena amalola mwana kusankha kumene nkhani ipite, njira ya kumanja kapena ya kumanzere, mathero awa kapena awo. Kwa mwana wa zaka 6 kapena 7 zimenezi n'zokoma, chifukwa amaidziwa kale nthanoyo ndipo akusangalala kuiphwasula. Kwa wanuyu ndikuona kuti nthawi yake siinakwane. Chisangalalo chake pakali pano n'kudziwiratu chimene chikubwera, kunena "makutu aakulu!" wowerenga asananene, n'kuona kuti walondola. Nthano imene imasintha tsiku lililonse imamulanda chimenecho.

Ndiye usiku uno, iye akagona, tengani tabuletiyo mukhale nayo nokha, mphindi khumi pa app iliyonse. Tsegulani tsamba limodzi la pakati, mudine paliponse, muwerenge kuti ndi zinthu zingati zikuyankha ndipo mwa zimenezo ndi zingati zikukhudza nkhani. Zikakhala zisanu ndi zitatu, zokhudza nkhani n'kukhala chimodzi, mwapeza gemu yobwereka malaya ija. Yesani kudina wowerenga ali pakati pa chiganizo. App yopangidwa ndi anthu odziwa ana imadikira kuti mawu athe kaye isanalole kudina. Yopangidwa mwachisawawa imadula wowerenga pakamwa, kapena phokoso la mbalame n'kukwirira mawu ake. Kenako tsekani maso mumvetsere mawu okhaokha. Kodi ndi nthano yoti munthu angaimve kukoma popanda zithunzi, ya mawu osankhidwa bwino, yowerengedwa ndi munthu amene akuimva mumtima? Kapena ndi ziganizo zouma zotchulidwa ndi makina? Zithunzi zokongola zimabisa kulemba koipa, ndipo m'ma app otsika mtengo kulembako ndi kumene amayamba kudula ndalama. Pomaliza fikani kumapeto kwa nthano muone chimene chikuchitika: ikungoima n'kukusiyani, kapena ikukukokerani kwina?

Imene yapambana muisunge, muiwerenge naye kwa mlungu umodzi m'njira ya maulendo awiri ija. Mlungu ukatha, musamufunse funso lalikulu lakuti nthano ikunena chiyani, chifukwa ngakhale ana ambiri a zaka zisanu limawalemera. M'malo mwake, tabuleti ili kutali, mpatseni chidole chimodzi chikhale mtsikana, sokosi kudzanja la bambo ake ikhale mmbulu, iye awauze bambowo zoti achite. Pa zaka zitatu ndi theka sadzaifotokoza mwandondomeko. Adzayambira pakati, adzalumpha, mwina mbalame ija idzatulukiranso. Inu mvetserani zinthu ziwiri: ngati akudziwa chimene mmbulu ukufuna, ndiponso ngati mawu akuti "chifukwa" kapena "ndiye" atuluke pakamwa pake. Akawauza bambo ake kuti, "Ayi, mugone pabedi, munamize kuti ndinu agogo," app imeneyo ikhale. Akangoyang'ana sokosiyo n'kufunsa kuti adine pati, ifufuteni nayonso, ndipo mawa lake mumufotokozere nthano yomweyo ndi pakamwa, bambo ake akhale mmbulu.